Peugeot ya malemu bambo yalira

Anzanga akhala akundiseka kuti ndikutaya ndalama pa galimoto yakutha. Ndi Peugeot 504 imene malemu bambo anaisiya kuseri kwa nyumba kuno ku Molumbo, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Mtundu umenewu unapambana mpikisano wa Safari ku Kenya mu 1975, tsono ogula zitsulo atabwera ndinawabweza.

Ndikaweruka ku wailesi ndimalowa m'chisakasa. Ndinasintha malingi a pisitoni, kabuleta n'kuitsuka ndi petulo, kumbuyo n'kukweza masipulingi poopa mabampu a msewu wa ku Milange. Zipangizo ndinakagula ku Limbe, kudzera pa Muloza, ndi ndalama zogulira malata. Mayi akunyumba sanandiyankhule sabata yathunthu.

Loweruka injini inalira. Mayi anga ondibala anatuluka m'khitchini, manja ali ufa okhaokha, n'kuima pakhomo osanena kanthu. Malata aja ndiye sindinagulebe.