Wogogoda pa Khomo

M'midzi ya Acewa munthu sasowa pogona nthawi yaitali. Nyumba ikapsa, abale ndi anansi amasonkhana, ena kukadula mitengo, ena kukamweta udzu, ndipo mwezi usanathe utsi uli kufuka pa denga latsopano. Ndico cifukwa cake akulu anati mutu umodzi susenza denga. Koma kuli maiko ena kumene munthu sangazike nsici pa malo amene wafuna, kumene nyumba zambiri zili ndi eni ake ofuna ndalama mwezi ndi mwezi. Dziko la America ndi limodzi la maiko otere. Ngakhale kuti ndi dziko lolemera, pa kuwerenga kumene kunacitika usiku umodzi wa mwezi wa January 2024 kunapezeka kuti anthu oposa 770,000 analibe nyumba, ndipo pafupi-fupi 150,000 mwa iwo anali ana.

Nkhani ino ndi ya mtsikana wina wa mu mzinda wa Los Angeles m'dzikomo, amene atatsiriza maphunziro ake analembedwa nchito ya ulangizi wa mabanja osowa pokhala. Bungwe limene linamlemba linali kupezera mabanja otere nyumba za lendi. Banja linali kulipira madola 30 pa madola 100 alionse amene linapata, ndipo zotsala zinali kucokera ku thumba la boma. Udindo wa mlangizi unali kuyendera banja lililonse kamodzi pa sabata, ndi kulithandiza kuti lisatayenso nyumba imene lapeza.

Kale sizinali kuyenda motero. Banja losowa pokhala linali kuyamba lagona m'cigono ca anthu ambiri, kenaka ndi kusamukira m'nyumba yongoyembekezeramo, kumene linkatha kukhala kufikira zaka ziwiri, likuyesedwa ngati liyenera kulandira nyumba yake-yake. M'caka ca 1988 mai wina dzina lake Tanya Tull anayambitsa bungwe la Beyond Shelter mu Los Angeles momwemo, nanena kuti banja liyambe lalowa m'nyumba, uphungu ubwere pambuyo. M'caka ca 1992 Sam Tsemberis anayamba kucita zofanana ndi zimenezi ku New York pothandiza anthu odwala maganizo amene anali kugona m'miseu. Nzeru yao inali yakuti munthu amene sadziwa kumene ana ake adzagona usiku sangamve malangizo, ngakhale atakhala okoma cotani.

Zonsezi mtsikana uja anaziphunzira m'kalasi, nazilemba bwino pa mayeso. Koma cimene cinamphunzitsa nchito yeni-yeni linali banja limodzi la mai wa ana atatu. Maiyu anali kugwira nchito yosesa m'hotela, koma atadwala nthawi yaitali anacotsedwa, nalephera kulipira lendi. Miyezi ingapo iye ndi ana ake anagona m'galimoto, pambuyo pake m'cigono, kufikira tsiku limene anapatsidwa mfungulo ya zipinda ziwiri m'cinyumba cina cosanja.

Laciwiri loyamba mlangizi anafika atanyamula mapepala olembedwa bwino-bwino: za cipatala, za kufuna nchito, za kusunga ndalama. Anapeza citseko cili cotseguka pang'ono, nagogoda kamodzi ndi kulowa osayembekeza yankho. Pofuna kudziwa ngati ana ali ndi cakudya, anatsegula kabati ya ku khicini nasuzumiramo. Mai uja anaima cilili pakati pa cipinda, nafunsa ndi mau otsika, “Kodi mwataya ciani m'kabati mwangamo?” Mtsikanayo anaseka pang'ono mwamanyazi, napitiriza kuwerenga mapepala ake. Koma sabata yotsatira citseko cinali cotseka, ndipo ngakhale anamva mapazi a ana m'kati, panalibe womtsegulira. Sabata yacitatu zinatero ndithu.

Anabwerera ku ofesi ali wokhumudwa, nauza mai wina wamkulu amene anakalambira pa nchitoyo kuti banjalo silifuna thandizo. Wamkuluyo anamvetsera nkhani yonse, nati, “Taganizani za kumene acokera. M'cigono ogwira nchito amalowa nthawi iliyonse, amazima nyali pa ola lao, amayang'ana m'zikwama. Ndiponso mai uja adziwa kuti lamulo limakukakamizani inu kukanena ku boma mukaona mwana ali pa ngozi. Tsono pamene munatsegula kabati, iye sanaone munthu wodzathandiza ai. Anaona munthu wodzawerenga zolakwa kuti amlande ana. Nyumba ija si ya bungwe, ndiponso si yanu. Inu muli mlendo cabe.”

Mau amenewa anamlasa mtima. Laciwiri lotsatira anagogoda, nabwerera m'mbuyo mapazi awiri, nayembekeza. Patapita nthawi citseko cinatseguka pang'ono. Iye anati, “Mai, ndinalakwa tsiku lija. Ndabwera kudzapepesa. Mukafuna kuti ndibwerere, ndibwerera.” Anamlola kulowa. Sanakhale pansi kufikira atamuonetsa mpando, ndipo mapepala aja anawasiya m'cikwama. Anangofunsa funso limodzi, kuti ndi ciani cimene cinali kuwasowetsa tulo masiku amenewo.

Yankho silinali pa pepala lililonse la iye. Mai uja anadandaula za mwana wake wacisamba, mnyamata wa zaka 12, amene anali atasintha sukulu kawiri m'caka cimodzi. Nyumba yatsopanoyi inali kutali ndi sukulu imene anaizolowera, ndipo anali kukana kudzuka m'mawa. Apa maphunziro a mlangizi anagwira nchito. Ku America kuli lamulo la m'caka ca 1987, limene tsopano lidziwika ndi dzina la McKinney-Vento, ndipo monga linakonzedwa pambuyo pake limalola mwana wosowa pokhala kukhalabe pa sukulu yake yakale, ndi kumpezera ulendo wopita ndi kubwera. Banja likapeza nyumba, ufulu umenewu umapitirira kufikira caka ca sukulu citatha. Mlangizi anaimba lamya kwa mkulu wa za ana otere m'cigawo ca masukulu, ndipo posakhalitsa mnyamatayo anali kukwera basi kupita kwa aphunzitsi ndi anzake akale. Kuyambira pamenepo citseko sicinamcedwerenso kutseguka.

Miyezi yotsatira inadzala ndi tinchito tating'ono-ting'ono timene munthu wapatali sangatione. Panali ngongole yakale ya magetsi yofunika kukambirana kuti ilipidwe pang'ono-pang'ono. Panali zikalata za kubadwa kwa ana zimene zinatayika pa kusamuka-samuka, ndipo popanda izo maofesi ambiri sathandiza munthu. Panali masiku a ku cipatala oyenera kukumbukira. Mlangizi anaonanso kuti ngakhale m'nyumbamo munali makabati, zobvala za ana zinali cikhalire m'matumba pafupi ndi khomo, monga za anthu a pa ulendo. Sananene kanthu za matumbawo, pakuti tsopano anali atadziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ciyeso cacikulu cinadza m'mwezi wacisanu. Tsiku lina mlangizi anaona nsapato za munthu wamwamuna pa khomo ndi bulangeti lopindidwa kuseri kwa mpando. Pa tebulo panali kalata yocokera kwa mwini cinyumbaco. Pangano la lendi linali ndi maina a anthu anai okha, ndipo linalola mlendo kugona masiku owerengeka cabe. Kalatayo inacenjeza kuti munthu wacisanuyo akapanda kucoka, banja lonse lidzatulutsidwa.

Mai uja sanabise kanthu. Anati, “Ndi mlongo wanga wamng'ono. Pamene tinali kugona m'galimoto, ndiye anali kutibweretsera cakudya usiku, iye mwini osadya. Lero nchito yamthera, alibe kolowera. Kodi inu mukanakhala ine mukanamtsekera kunja?”

Mlangizi anasowa coyankha msanga. Mumtima mwake anadziwa kuti maiyo sanacite coipa. Anacita cimene munthu aliyense woleredwa bwino akanacita. Njira ziwiri zapafupi zinali patsogolo pake. Akanatha kutseka maso ndi kunamiza mwini cinyumba kuti mlendoyo anapita, koma bodza likanaululika ana atatu akanabwerera m'galimoto, ndipo mwini cinyumbayo sakanalandiranso banja lina locokera ku bungwelo. Akanathanso kulamula kuti mnyamatayo acoke tsiku lomwelo, koma potero akanakhalanso munthu uja wotsegula kabati ya eni ake. Tsono anati, “Mai, sindidzanama kwa mwini cinyumba, ndiponso sindidzapita kwa iye mwamseri inu osadziwa. Nyumba ndi yanu, ndipo mau otsiriza ndi anu. Koma ndiloleni ndikuuzeni zoona zonse za cimene cingacitike, kenaka tifunire pamodzi pogona pa alongo anu.”

Anakhala pansi atatu, mlangizi, mai ndi mlongo wake, kufikira dzuwa linapendeka. M'mawa mwake mai ndi mlangizi anapita kwa mwini cinyumba, ndipo maiyo ndiye analankhula, napempha masabata awiri. Mwiniyo ananyinyirika, koma poona kuti sanamnamize anabvomera. M'masiku amenewo mlangizi anayenda maofesi ambiri kufikira anapeza malo m'cigono ca amuna, nalembetsa mnyamatayo pa mndandanda wa oyembekeza nyumba. Mndandandawo unali wautali, ndipo iye anacoka ndi nkhope yakugwa. Mai uja sanamlankhule bwino mlangizi masabata awiri. Palibe amene anakondwa kweni-kweni, koma ana anagonabe pa mabedi ao, ndipo amalume ao anali kubwera kudzadya nao tsiku la Sabata.

Munthu wa nchito yotere ayenera kudziwa malire a mphamvu yake. Pakati pa 2010 ndi 2012 boma la America linasankha mabanja 2,282 a m'zigono za m'madera 12, nawapatsa thandizo la mitundu yosiyana-siyana, ndi kuwatsata zaka zitatu. Linapeza kuti mabanja amene anapatsidwa thandizo lokhalitsa la lendi ndiwo anakhazikika koposa ena: kubwerera ku zigono kunacepa, ana sanasinthe-sinthe sukulu, ndipo nkhawa za makolo zinatsika. Ambiri a iwo sanalandire uphungu wocuruka. Ici cionetsa kuti cimene cimaciritsa poyamba ndi nyumba yeni-yeniyo. Mlangizi amafunika makamaka pa mabanja amene matenda, ngongole ndi mantha a zaka zambiri zingawagwetsenso, ndipo ngakhale pamenepo iye ali ngati mzati wocirikiza denga pamene khoma lili kuuma.

Caka citatha, maulendo a Laciwiri anacepa nakhala a kamodzi pa mwezi. Tsiku lina mlangizi anamva kuti mpope wa madzi unadontha sabata yapitayo, ndipo mai uja anaimbira yekha mwini cinyumba, nauumirira kufikira unakonzedwa, osaganiza n'komwe zouza bungwe. Mtsikanayo anamva kanthu kakumtsina mumtima poona kuti sanafunidwe, koma pobwerera anazindikira kuti cimeneco ndico anali kugwirira nchito caka conse. Matumba aja sanalinso pa khomo. Pa khoma panali msomali, ndipo pa msomalipo panapacikidwa cithunzi ca mnyamata wacisamba ali ndi anzake a ku sukulu. Munthu amene ayembekeza kusamutsidwa mawa sakhoma msomali.

Acinyamata ambiri otsiriza sukulu amalakalaka nchito zothandiza anthu, kaya ya unamwino, ya uphunzitsi kapena ya ulangizi, ndipo cikhumbo cimeneco ncabwino. Setifiketi idzawalowetsa pa nchito, monga inamlowetsa mtsikana wa ku Los Angeles. Koma iye anaona kuti malamulo onse amene anawaloweza sanathandize banja lija kufikira tsiku limene anaphunzira kuima kunja ndi kuyembekeza. Pa ulendo wake wotsiriza anagogodanso monga mwa masiku onse, nabwerera m'mbuyo mapazi awiri. M'kati munamveka mau a mai uja akuti, “Lowani, mwana wanga, madzi a tiyi ali pa moto.”