Miyala yofiira ya ku Mwakasyunguti

Miyala yofiira ya ku Mwakasyunguti, ku Karonga, kale inali mchenga ndi matope chabe. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo kunkayenda mitsinje kumeneko, nyanja ya Malawi kulibe n'komwe. Madzi akamathamanga ankasiya mchenga. Akasefukira n'kudikha m'zigwa, matope ankakhazikika pansi, kenako chigumula china n'kudzakwirira zonsezo. Kulemera kwa zapamwamba kunafinya madzi, laimu ndi zina zosungunuka n'kumata timchenga tija mpaka kuuma gwa! Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo, si china ayi.

M'miyala imeneyi ndi momwe anafukulamo mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi lalitali chija. Ku myuziyamu ya ku Karonga aliyense amathamangira kujambulitsa nacho, koma wofunsako za mwala umene unasunga mafupawo ndi mmodzimmodzi.