Zishalo Ziwiri

Mpaka nditafika Sitandade 8, anzanga onse a kusukulu ankadziwa kuti bambo anga ndi dalaivala. Bodza limeneli ndinalipeka ndekha ndipo ndinkalisamala ngati dzira. Zoona zake zinali zakuti bambo ankasamalira akavalo a mzungu wina wa ku Area 10. Ankawasambitsa, kuwapesa, kuwamwetera udzu ndi kuwola ndowe zawo m'khola. Madzulo akamabwera kunyumba, fungo la thukuta la kavalo linkayamba ndilo kulowa iwo asanatsike n'komwe panjinga. Ndinkachita nalo manyazi fungo limenelo, chonsecho ndi lomwe linkagula ufa pakhomo pathu.

Tinkakhala kuseri kwa nyumba ya abwanawo, m'kanyumba ka antchito ka zipinda ziwiri. Amene mumaudziwa mzinda wa Lilongwe mukudziwa kuti ku Area 10, 12 ndi 43 mipanda ndi italiitali, mitengo ndi yambiri kuposa anthu, ndipo masana mumsewu umangokumana ndi alonda, olima maluwa ndi amayi olera ana a eni. Akavalowo sankakhala pamenepo ayi. Anali awiri, wofiira ndi wakuda, ndipo ankasungidwa pafamu ina kunja kwa mzinda komwe azungu angapo ankasungitsako awo. Bambo ankapalasa njinga kupita kumeneko mbandakucha uliwonse. Iwo analembedwa ntchito yolima maluwa, koma adona ataona kuti akavalo amafatsa bambo akawagwira, anawasintha ntchito. Sizinali zodabwitsa, poti kwawo ku Mitundu anakula akuweta ng'ombe za agogo ndi kuyendetsa ngolo ya abulu.

Ine ndinali ndi akavalo angaanga. Loweruka amayi akandituma kumsika waukulu ku Old Town, ndinkayenda wapansi kudutsa ku City Centre mpaka kukafika, kuti ndalama ya minibasi ndikalowere vidiyo. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Isanabwere, kanema wathu anali wa m'tizisakasa ta mdima, momwe tinkathithikana pamabenchi thukuta lili kamukamu. Anzanga ankafuna za karate, koma ine mtima wanga unali pa makawuboyi: Clint Eastwood, Terence Hill ndi anzawo. Ameneyo ndiye anali munthu wodziwa kukwera kavalo kwa ine. Chipewa chotambalala, miyendo yotambasuka bwino, dzanja limodzi lagwira zingwe mosalabadira pamene linalo likudikira mfuti kapena chingwe chokolera ng'ombe.

Tsono ndikaperekeza bambo kufamu n'kuona adona akukwera, ndinkabisa nkhope kuseka. Iwo ankavala chipewa cholimba chakuda ndi nsapato zofika m'mawondo. Msana unkachita kuti njo, manja onse awiri ali pazingwe, ndipo kavalo akayamba kuthamanga pang'onopang'ono iwo ankangoti kunyamuka, kukhala, kunyamuka, kukhala, ngati munthu amene wakhalira linthumbu. Ndinkati azungu a ku Mangalande sadziwa kukwera kavalo. Sindinkadziwa kuti kunyamuka ndi kukhalako n'kochita kuphunzira, ndipo kumathandiza kuti wokwera asamadzigunde pamsana pa kavalo.

Mu 1998 pafamupo panabwera mnyamata wina wa ku America amene ankagwira ntchito kubungwe lina ku City Centre. Analibe kavalo wakewake, choncho adona anamulola kuti azikwera wofiira uja. Chomwe anali nacho ndi chishalo chake chochokera kwawo. Tsiku lomwe anachitsitsa m'galimoto ndinali pomwepo, ndipo ndinachizindikira nthawi yomweyo: chinali chishalo cha m'vidiyo chenicheni, chokhala ndi nyanga kutsogolo. Bambo anachinyamula n'kupukusa mutu. "Ichi ndiye chithumba cha chimanga," anatero.

Kuyambira pamenepo m'chipinda chosungiramo katundu munali zishalo ziwiri zosiyana, ndipo wozipukuta ndi kuzipaka mafuta anali bambo. Cha adona chinali chaching'ono, chopyapyala, chosalala, choti ine ndinkachinyamula ndi mkono umodzi. Zopondera zake zinali tizitsulo topachikidwa pa timalamba tating'ono. Cha Mmereka uja chinkalemera pafupifupi kawiri. Chinali ndi pokhala pakuya, chikopa chochindikala chojambulidwa maluwa, zopondera zazikulu, ndipo pansi pake ankayalapo bulangete lokhuthala. Kusiyana sikunathere pa zishalo. Adona akafuna kuti kavalo akhotere kumanja ankakoka pang'ono chingwe cha kumanja, uku akumupanikiza ndi mwendo, ndipo zingwe zonse ziwiri zinkakhala zokungika nthawi zonse kuti dzanja ndi kamwa ya kavalo zizimvana. Mmereka uja ankafuna zingwe zolendewera. Kwawo kavalo amaphunzitsidwa kuti chingwe chikangomukhudza khosi mbali ya kumanzere, iye athawire kumanja. Wofiira uja zimenezi sankazidziwa, moti masabata oyamba ankangoima n'kumatembenuza makutu ngati munthu amene akumulankhula chilankhulo chachilendo.

Loweruka lina Mmereka uja ataona mmene ndinkachiyang'anira chishalocho anandifunsa ngati ndikufuna kukwera. Bambo anali kuseri akutunga madzi. Safunsa anadya phula. Ndinavomera msangamsanga, ndipo nditangokhala pamwamba ndinaona ngati dziko lonse lafupika. Iye anagwira kavaloyo n'kuyenda naye pang'ono, kenaka anamusiya kuti ndiyese ndekha. Pamenepo ukawuboyi wonse wa ku Old Town unandikwera m'mutu. Ndinagwira zingwe ndi dzanja limodzi, n'kuzikoka mwamphamvu, n'kumenya kavalo ndi zidendene uku ndikukuwa. Kavalo analiyatsa liwiro kulunjika kumpanda. Ndinataya zingwe n'kukakamira nyanga ija ndi manja onse awiri. Atafika pampanda anaima mwadzidzidzi, nyangayo inandibaya pamimba, ndipo ndinapezeka ndili pansi fumbi lili m'kamwa, mpweya ukukana kutuluka.

Chimene chinandipweteka kuposa kugwako ndi ichi. Bambo anabwera akuthamanga, anandiyang'ana kamodzi, ataona kuti ndikudzuka ndekha anandipitirira n'kupita kwa kavalo. Anamusisita khosi akumulankhula motsitsa mawu, kenaka anamutsegula kukamwa. Pamlomo pomwe pamadutsa chitsulo panali kabala. "Taona wamutani mnzako," anatero osakweza mawu. Ulendo wonse wobwerera ndinakhala pakaliyala ya njinga osayankhula, ndikuganiza kuti bambo anga amakonda chiweto cha mzungu kuposa mwana wawo. Patapita zaka m'pamene ndinamvetsa kuti kavaloyo akanathyoka mwendo, ntchito ndi nyumba yomwe tinkagonamo zikanathera pomwepo.

Patatha masiku angapo mkwiyo utaphwa ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi inu pazishalo ziwirizi chabwino n'chiti?" Ndinkayembekeza kuti atchula chimodzi. Iwo anati, "Wokwera amaona pokhala pake. Ine ndimaona msana wa kavalo. Loweruka ubwere udzaone." Loweruka litakwana anandiimika pafupi pamene ankachotsa zishalozo eni ake atatsika. Anandionetsa chidindo cha thukuta chomwe chimatsala pamsana. Ngati thukuta lanyowetsa paliponse mofanana, ndiye kuti chishalo chakhala bwino. Ngati pali kamalo kouma pakati pa ponyowa, pamenepo chikufinya, ndipo ukapanda kusamala pamabuka bala lomwe likapola pamamera ubweya woyera. Cha Mmereka, ngakhale chinali cholemera, chinkagawa kulemera kwa munthu pamalo aakulu, choncho kavalo angathe kuyenda nacho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Cha adona chinkasiya mapewa a kavalo omasuka, ndipo wokwera ankatha kuweramira kutsogolo podumpha zipika popanda chomubaya. Apa anandiloza pamimba n'kuseka. Koma anati chishalo chaching'onocho sichikhululuka: ukachipatsa munthu wosadziwa kukhala, kavalo ndiye amalipira.

Tsiku lomwelo ndinadziwanso chinthu china chimene sanandiuzepo. Bambo ankakwera akavalowo m'mamawa uliwonse eni ake asanafike, kuti aphwetse mphamvu. Ankakwera pazishalo zonse ziwiri, nthawi zina popanda chishalo n'komwe. Ndipo amene anaphunzitsa wofiira uja kumvera chingwe cha pakhosi, pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo, ndi iwowo, atangoonerera zomwe mlendoyo ankafuna. Mmereka uja ankauza anzake kuti kavaloyo ndi wanzeru kwambiri.

Zina zonse ndinazidziwa nditakula, kudzera m'mabuku. Chishalo cha nyanga chinachokera kwa abusa a ng'ombe a ku Mexico, omwe anatengera luso lawo kwa anthu a ku Spain amene anafika ndi akavalo m'dzikomo mu 1519. Dzina lawo, vaquero, limachokera ku vaca, kutanthauza ng'ombe yaikazi. Nyanga ija si yogwirira munthu wamantha monga ndinachitira ine, koma yokulungapo chingwe ukakola ng'ombe, ndipo dzanja limodzi limasiyidwa laufulu chifukwa lili ndi ntchito. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, anyamata olembedwa ganyu ankakusa ng'ombe zikwizikwi kuchokera ku Texas kupita kumasiteshoni a sitima ku Kansas, kugona kutchire kwa miyezi pamalipiro ochepa. Ambiri ndithu mwa iwo anali anthu akuda ndi a ku Mexico, ngakhale kuti m'vidiyo za ku Old Town zija sindikumbuka kuti ndinaonamo kawuboyi wakuda. Chishalo cha Chingerezi chinakulira m'manja mwa asilikali ndi eni minda omwe ankasaka nkhandwe ndi agalu, akudumpha mipanda ndi ngalande. Kusaka kotereku kunaletsedwa ku England mu 2005, koma kakweredwe kake ndi komwe timakaona pamasewero a Olimpiki.

Choncho ngwazi yomwe ndinkailipirira ndalama ya minibasi inali m'busa wa ng'ombe za eni, wonunkha thukuta la kavalo. Munthu wotero ndinali naye m'nyumba, ndipo ndinkamusandutsa dalaivala.

Ife ophunzira zilankhulo tili ndi pena poti tiimepo. Nyama imodziyi tili nayo ndi maina awiri, kavalo ndi hatchi, ndipo onse ndi obwereka. Kavalo ndi cavalo wa Chipwitikizi, m'bale wake wa caballo wa anthu a ku Spain aja. Analowa limodzi ndi nsapato, kalata, mbatata ndi kapitawo, mawu a amalonda omwe anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi zaka za m'ma 1500. Hatchi ndimamuganizira kuti anabwera ndi anthu obwerera ku Joni, poti Azulu amati ihhashi, mawu omwe anawatenga ku horse wa Chingerezi. Ndiye kuti m'kamwa mwathu muli kale zishalo ziwiri zija, china cha Chingerezi, china cha abale ake a vaquero. Bambo ankati hatchi akamakamba za kuntchito, koma kutchalitchi akamawerenga za magaleta a Farao ankati akavalo, osaona chachilendo chilichonse.

Kubwereka mainaku kukusonyeza kuti nyamayi sinazike mizu kuno. Kashembe ndi matenda ena a akavalo zinkapha ziwetozi m'madera ambiri, ndipo ntchito zomwe kwina zinkagwiridwa ndi kavalo kuno zinagwera ng'ombe, abulu, mitu ya anthu, kenaka njinga. Mukafunsa munthu pa depoti ya Lilongwe kuti chishalo n'chiyani, akulozerani cha kabaza. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati kakweredwe ka Chimereka n'ka anthu wamba pamene ka Chingerezi n'ka mabwana. Mwina kwawoko. Pafamu ija zonse ziwiri zinali zosangalatsa anthu a m'mipanda Loweruka masana, ndipo nyanga ija sinakolepo ng'ombe ngakhale imodzi pa nthaka ya Malawi.

Kumapeto kwa 1999 Mmereka uja ntchito yake inatha. Ataona mtengo wotumizira chishalocho kwawo, anangochipereka kwa bambo monga mphatso yotsazikira. Bambo anathokoza ndi manja awiri, n'kubwera nacho kunyumba. Munthu wopanda kavalo anali ndi chishalo chabwino kuposa onse mu Area 10. Chinakhala kunsi kwa bedi, amayi akudandaula kuti chikudya malo. Adona sanachifune, ndipo pabulu wa ku Mitundu chikanangokhala ngati denga.

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka ndinasankhidwa kupita ku Fomu 1 mu 2000. Pulayimale inali yaulere kuyambira 1994, koma sekondale inkafuna fizi, yunifolomu ndi nsapato. Loweruka lina bambo anamangirira chishalocho pakaliyala, ine ndikutsatira pambuyo wapansi, mpaka ku Old Town. Tinazungulira m'masitolo a amwenye, tinalowa mumsika, anthu akungochigwiragwira n'kumafunsa ngati n'cha ngamila. Dzuwa litapendeka, bambo wina wosoka nsapato pafupi ndi msika anachitembenuza, n'kutsina chikopacho ndi chala, n'kunena kuti chikopa chotere sanachionepo. Anatchula mtengo. Bambo anatchula wawo. Anagwirizana pakati, ndipo wosokayo anawonjezapo kuti andisokera nsapato za kusukulu kuchokera pachikopa chomwecho.

Anayamba kuchisenda ife tili pomwepo. Bambo anayang'ana kumbali mpeni utalowa m'maluwa aja omwe anakhala akuwapaka mafuta kwa chaka ndi theka. Chikopa chonse chitachoka panatsala chigoba chamtengo ndi nyanga yake, ndipo wosokayo anati alibe nacho ntchito. Bambo anachimangiriranso panjinga.

Nsapatozo ndinavala mpaka Fomu 3, maluwa a ku America akuonekera pachidendene chakumanzere. Bodza la udalaivala sindinachite kulilapa kwa wina aliyense. Linangotha lokha nditasintha sukulu. Adona anabwerera kwawo patapita zaka zingapo, akavalo anagulitsidwa, ndipo bambo anabwerera ku Mitundu komwe akuweta mbuzi. Chigoba chija chili pakhonde pawo. Ana anga akapitako patchuthi amachikhazika pamtondo wogoneka n'kumalimbirana kukwerapo, ndipo agogo awo amakhala pampando n'kumawadzudzula kuti asamakoke chingwe mwamphamvu.