Kaliwu Kotsatira Nambala

Pamsika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu, malonda amachitika m'Chichewa, koma mitengo imatchulidwa m'Chingerezi. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere akati, “Faifi sauzande... eee,” wogula wochenjera amadziwa kuti mtengo ungatsike. Akati, “Faifi sauzande basi,” kunenerera kwatha.

Ena amayesa kaliwu kameneka ndi chibwibwi, kapena chizindikiro cha kusaphunzira. Komatu ngakhale eni Chingerezi ku London amati “er” kapena “um” pamene akusinkhasinkha. M'kanthawi kochepako mayiyu amawerengera mtengo wa feteleza, wa galimoto yonyamula matumba kuchokera ku Tsangano, ndiponso zosowa za pakhomo. Mwana wa sukulu woseka amayi ake chifukwa cha “eee” amaiwala kuti fizi yake imachokera m'kuwerengera komweko.