Kabokosi ka Pawindo

Pakhomo pathu ku Chimwemwe, mumzinda wa Kitwe, nkhani yogula router inayamba ngati dandaulo la ndalama. Tinakhala pansi ife awiri kumapeto kwa mwezi, ndipo titaonkhetsa zimene ana athu atatu ankagulira mabandulo m'mafoni mwao, tinapeza kuti zikupikisana ndi ndalama za ufa. Mwana wathu woyamba anali atayamba maphunziro pa Copperbelt University, kumene ntchito zambiri amazitumiza pa intaneti. Wachiwiri ankakonzekera mayeso a Grade 12. Wachitatu, kunena zoona, ankangoonera mpira. Agogo awo nawonso, amene tinakawatenga ku Chipata, ankafuna kumaona nkhope ya mwana wao wa ku Johannesburg Lamulungu lililonse.

Poyamba tinagula mwaphuma. Mnyamata wina wa m'kasitolo m'tauni anatisonyeza kabokosi ka tinyanga tinayi, nati kamafika mpaka kuseri kwa mpanda. Tinakopeka ndi tinyangato. Titafika kunyumba tinazindikira kuti kanali kokhoma: kankalandira SIM ya kampani imodzi yokha, imene netiweki yake imafika mofooka pa mzere wathu wa nyumba. Ndalama sizinabwerere. Agogo anangoti, "Ana inu, kuona maso a nkhono n'kudekha," napitiriza kusankha nyemba.

Apa m'pamene tinaphunzira chinthu chimene wogulitsa uja sanatiuze. Router siipanga intaneti. Imangotunga ku nsanja ya kampani n'kugawira a m'nyumba, monga mpopi umene sungatulutse madzi ngati m'paipi muli mouma. Choncho ulendo wachiwiri tinayamba ndi funso lakuti: ndi netiweki iti imafika bwino panyumba pano? Tinabwereka ma SIM a MTN, Airtel ndi Zamtel, ndipo kwa sabata yathunthu tinkayendayenda ndi foni m'chipinda chilichonse. Tinkayesa madzulo, pamene komboni yonse ili pa intaneti, pakuti liwiro la m'mamawa limanamiza. Titatero tinafunafuna router yosakhoma, kuti tsiku lina zinthu zikadzasintha tidzangosintha SIM.

Nyumba nayonso ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Makoma a simenti ndi denga la malata zimafooketsa mafunde a wailesi. Router zambiri zimaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Yoyambayo imapyola makoma bwino koma n'njochedwerapo, yachiwiriyo n'njachangu koma siifika patali. Ife tinaona kuti m'zipinda zogona imatithandiza ndi yoyambayo.

Koma chimene chinagamula zonse ndi magetsi. Owerenga akukumbukira chilala chimene boma linachilengeza kukhala ngozi ya dziko mu February 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo magetsi ankazima mpaka maola 17 pa tsiku. Tinaganizirapo za Starlink, imene inafika mu Zambia mu October 2023, ndipo abale athu ena ku Ndola amaiyamikira. Komabe mtengo wake unatiposa, ndiponso imadya magetsi ochuluka kuposa kabokosi wamba. Router ya SIM imafuna mphamvu yochepa, kawirikawiri mavoti 12 okha, kotero kabatire kakang'ono kamene kamadzaza kokha magetsi akabwera kamaisunga yamoyo kwa maola angapo. Kabatireko tinakagula tsiku lomwelo, ngakhale zinatanthauza kuiwala nsapato zatsopano za bambo wa nyumba. Sitikunena kuti kamathetsa zonse: nsanja ya kampani ikathedwa mphamvu, nafenso timangokhala.

Nthawi zina timaseka tikakumbukira kuti intaneti inalowa m'dziko muno mu 1994 kudzera mwa ZAMNET pa University of Zambia ku Lusaka, ndipo ankaidutsitsa pa waya wa lamya. Ife masiku amenewo tinkalembabe makalata a kumudzi pa positi, yankho n'kubwera patatha mwezi.

Mkangano waukulu unabuka pa malo oika kabokosiko. Mwana wathu woyamba anati, "Atate, kakhale kuchipinda kwanga, ndine ndimakagwiritsa ntchito ya sukulu." Anali ndi mfundo. Koma mayeso athu a sabata ija anasonyeza kuti netiweki imalowa bwino pa windo la pabalaza, ndipo ife makolo, tivomereze, tinakondwa mumtima kuti zatero. Sitinafune kuti ana azidzitsekera aliyense m'chipinda chake usiku wonse. Tinakaika pamwamba pa kabati, kutali ndi wailesi yakanema, tinasintha mawu achinsinsi amene kanabwera nawo, ndipo tinapangana kuti pa nthawi ya nsima mafoni azikhala m'dengu. Wachitatu uja amanyinyirikabe.

Usiku wina magetsi atazima, tinamva "odi" pakhomo. Anali mtsikana wa anansi athu, laputopu m'manja, ntchito ya kukoleji ikufunika isanakwane 12 koloko. Mawu achinsinsi tinali titalumbira kuti sitidzauza wakunja aliyense, poti bandulo ikatha pakati pa mwezi olira ndife. Tinayang'anana. Agogo anasendera pamphasa nati, "Lowa mwanawe, ukhale apa pafupi ndi windo." Mayi wa nyumba ndiye anatenga laputopu ija n'kulembamo yekha mawuwo, ataphimba ndi dzanja.