Zimene Chikumbu Chinandiphunzitsa

Mvula yoyamba itangogwa m'mwezi wa Novembala, aphunzitsi athu a Biology anatipatsa ntchito yoti aliyense atole zikumbu, azigawe m'magulu, ndipo afotokoze chifukwa chake wazigawa chotero. Anati malikisi ake adzawerengedwa pa mayeso a teremu. Ine mumtima ndinangoti laponda lamphawi, pakuti pa Chilatini panalibe wondiposa m'kalasi mwathu, ndipo ndinkaganiza kuti ntchito yonseyo ndi yongoloweza mayina.

Madzulo ndinapita kuseri kwa bwalo la mpira pamodzi ndi mnzanga wina amene anakulira kubusa. Tisanapite patali tinaona chikumbu chachikulu chakuda, chotalika pafupifupi masentimita 5, chili ndi madontho awiri achikasu kumbuyo kwa mutu. Chinali pa liwiro la mtondo wadooka.

"Aise, chimenecho usachiyandikize kumaso, chimakodzera," anatero mnzangayo.

"Nanga dzina lake la m'buku ukulidziwa?" ndinamufunsa monyodola. Iye anangokhala chete.

Ndinachigwira ndi zala n'kuchibweretsa pafupi kuti ndichione bwino. Posakhalitsa diso langa lamanzere linayamba kuotcha ngati mwalowa tsabola wa kambuzi. Mnzanga yemwe ndinamunyoza uja ndi amene anandikokera kumpope n'kunditsuka m'maso kwa nthawi yaitali. Diso linakhala lofiira masiku awiri. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.

Komabe sindinagwe ulesi. Sabata itatha ndinali ndi zikumbu 7 m'kabokosi ka choko, ndipo ndinazigawa patatu: zakuda bii, zamadontho za mano aatali, ndi zamadontho za mano aafupi.

Aphunzitsi anayang'ana m'kabokosimo napukusa mutu. "Mnyamata iwe, wagawa zovala. Tsopano gawa zikumbu." Anandipatsa galasi lokuzira zinthu nati ndiwerenge timfundo ta kuphazi kwa mwendo uliwonse.

Apa m'pamene maso anatseguka. Mwa zakuda bii zija, ziwiri zinali ndi timfundo 5 kumiyendo yakutsogolo ndi yapakati, koma 4 kumiyendo yakumbuyo. Zimenezi ndi za banja la Tenebrionidae, zoyenda mwachifatse, zomwe zambiri zimadya zomera zowola. Chachitatu chinali ndi timfundo 5 pamiyendo yonse, miyendo yaitali, tinyanga tonga ulusi ndi mano oloza kutsogolo. Zizindikiro zimenezi n'zomwe zinalinso ndi zamadontho zija, ndipo ndi za banja la Carabidae, alenje osaka tizilombo tinzawo pansi. Banja limeneli lili ndi mitundu yoposa 40,000 padziko lonse. Ine ndinali nditaika mlenje m'gulu la odya zinyalala chifukwa chongofanana khungu.

Cholakwa chachiwiri chinandichititsa manyazi koposa. Magulu anga awiri a zamadontho aja anali mtundu umodzi, wotchedwa Anthia thoracica. Za mano aatali, zokhala ndi timapiko tiwiri totulukira kumbuyo kwa chifuwa, ndi zazimuna. Za mano aafupi ndi zazikazi. Ndinali nditalekanitsa bambo ndi mayi a nyumba imodzi!

Aphunzitsi anafotokoza kuti njira yopatsa cholengedwa chilichonse mayina awiri, la fuko ndi la mtundu, inakhazikika pa nyama ndi buku la Carl Linnaeus wa ku Sweden la mu 1758. Fuko la Anthia linatchulidwa ndi Friedrich Weber mu 1801. Zikumbu za fuko limeneli siziuluka, pakuti mapiko ake olimba aja anamatana. Chitetezo chake ndi liwiro ndi madzi omwe zimafaya kuchokera kumbuyo. Mnzanga anati ndi mkodzo, koma ndi asidi wotchedwa formic acid, yemwe amapezekanso mu nyerere zina. M'chipululu cha Kalahari muli buluzi wotchedwa Heliobolus lugubris, amene akakhala wamng'ono amakhala wakuda wamadontho oyera ndipo amayenda atakweza msana motsanzira zikumbu zimenezi, kuti adani amuope. Ndinatonthozedwako pang'ono nditamva kuti si ine ndekha wopusitsidwa ndi maonekedwe.

Anandilola kubwereza ntchitoyo, ndipo magulu anatsala awiri okha. Malikisi anandichotserako ndithu, ndipo pa Biology teremu imeneyo ndinatsika. Pansi pa pepala langa, pamalo olemba ondithandiza, ndinalembapo dzina la mnzanga uja. Iye anachizindikira chikumbucho ndi kathamangidwe kake ali patali, pamene ine ndi Chilatini changa chonse ndinachizindikira ndi misozi.

Anzanga a Fomu 2, chaka chamawa ntchito imeneyi ikukudikirani. Musathamangire dzina. Yambani mwawerenga timfundo ta kuphazi, muone mano ndi tinyanga, ndipo mufunse amene anakulira kutchire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mukakumana ndi chakuda chothamanga chija, chigwireni ndi botolo, nkhope ili kutali.