Mantha a M'buku Akafika pa Kanema

Stephen King sanabisepo kuti filimu ya The Shining, imene Stanley Kubrick anatulutsa mu 1980, siimusangalatsa. Chonsecho anthu ambiri amaiika m'gulu la mafilimu oopsa opambana onse. Nanga mwini nkhani akudandaula chiyani? Mkangano umenewu ndauganizira kwa nthawi, ndipo ndaona kuti awiriwa sankalimbirana chinthu chimodzi.

Buku la King limene filimuyi inachokeramo linatuluka mu 1977. Limakamba za Jack Torrance, mphunzitsi wochotsedwa ntchito amene akuyesetsa kusiya mowa. Iye akuvomera kukasamalira hotela ya Overlook m'mapiri a ku Colorado m'nyengo yozizira, pamene chipale chofewa chimatseka misewu yonse, ndipo akutenga mkazi wake Wendy ndi mwana wawo Danny. King analemba bukuli nayenso mowa utamugwira, monga anadzaulula pambuyo pake, n'chifukwa chake Jack wa m'buku amamvetsa chisoni. Ndi bambo wokonda mwana wake, koma tsiku lina ataledzera anamuthyola mkono, ndipo manyazi ake amamudya usana ndi usiku. Wowerenga amakhala m'mutu mwa bamboyu, kumvetsera akudzinamiza kuti zinthu zikhala bwino, uku mizimu ya m'hotelamo ikumudya pang'onopang'ono ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga.

Vuto n'lakuti kamera silowa m'mutu mwa munthu. Imangoona nkhope, manja ndi makoma. Kubrick anasankha Jack Nicholson, amene akangokweza nsidze n'kumwetulira umadziwiratu kuti mutu sukuyenda bwino, ngakhale asanafike n'komwe kumapiriko. Apa King akunena zoona: munthu woyamba kale ndi misala sungamulire akamagwa. Anadandaulanso kuti Wendy, amene m'buku ndi mayi wolimba mtima, mufilimu anamusandutsa wongokuwa.

Koma taonani zimene Kubrick anachita ndi zotsalazo. M'buku muli zitsamba zodulidwa mooneka ngati nyama, zimene zimasendera pafupi ukangoyang'ana kumbali. Iye anazichotsa n'kuika mpanda wa zitsamba wa tinjira tosocheretsa. Chibonga chosewerera mpira chimene Jack amanyamula m'buku chinasanduka nkhwangwa. M'buku thanki yotenthetsera nyumba imaphulika, hotela n'kupsa. Mufilimu Jack amaumira panja ndi chisanu, hotela ili chiimire. Ndiye pali Danny akupalasa kanjinga kake m'makonde, kamera ikumutsatira kumbuyo chapansipansi. Matayala akafika pa kapeti amangoti zii, akatsikira pa matabwa n'kuyambanso kulira, ndipo iwe woonera ukudikira chimene chili paseri pa khoma. Phokoso limeneli cholembera sichingalilembe.

King sanagonje. Mu 1997 analemba yekha sewero la magawo atatu la pa wailesi ya kanema ya ABC, lotsogoleredwa ndi Mick Garris, ndipo anakalijambulira ku Stanley Hotel ku Estes Park, kumene anagona mu 1974 n'kupezako ganizo la bukuli. Pafupifupi zonse zinabwerera m'malo mwake: chibonga, moto, bambo wachisoni. Nyama za zitsamba nazo zinabwerera, zikuyenda ndi makompyuta. Zitangosuntha pamaso pa anthu, mantha anathera pomwepo. M'buku zinkaopsa chifukwa sunkaziona zikuyenda. Ine ndimaliona seweroli ngati umboni wakuti ukhoza kusamutsa zochitika zonse za m'buku osasiyapo kanthu, mantha okha n'kutsalira pa pepala.

Robert Wise anazidziwa kale izi. Mu 1963 anatenga buku la Shirley Jackson la 1959, The Haunting of Hill House, n'kupanga filimu yopanda mzukwa ngakhale umodzi wooneka. Muli kugogoda kwa usiku, ndi chitseko chathabwa chimene chimafufuma ngati china chake chikuchikankha kunja. Pamene Jan de Bont anaibwereza mu 1999, ndalama zinalipo, makompyuta analipo, anaonetsa chilichonse, ndipo lero oikumbuka ndi ochepa.

Sikuti nkhani ndi kubisa basi. Nthawi zina wopanga filimu amafunika kudziwa muyezo wa zimene diso lingapirire. Mu Misery, buku la King la 1987, namwino Annie Wilkes amadula phazi la mlembi amene wamutsekera m'nyumba, ndi nkhwangwa. Rob Reiner mu 1990 anaika chipika pakati pa akakolo a munthuyo, Annie n'kunyamula nyundo yaikulu, akulankhula mofatsa ngati akupereka mankhwala. Magazi palibe, koma aliyense amene anaionera amapinda miyendo akaikumbukira. Phazi likanadulidwa, ambiri akanangotsinzina, n'kuphonya nkhope ya Kathy Bates, wosewera Annie, imene inamupatsa mphoto ya Oscar. Frank Darabont mu 2007 analowera kwina. Nkhani ya The Mist King anaisiya opulumuka akadali pa msewu, osadziwa kolowera. Darabont anachititsa bambo kuwombera anzake a m'galimoto pamodzi ndi mwana wake yemwe, poganiza kuti akuwapulumutsa ku zilombo, kenako nkhungu n'kuyera asilikali akutulukira. King anawayamikira mathero amenewa. Kwa ine nkhanza zake zinanyanya, komabe zikuonetsa kuti mlembiyu sadana ndi kusintha kulikonse. Chimene chinamupweteka kwa Kubrick n'chakuti anamuchotsera munthu amene anamuumba ndi mabala ake omwe.

Wailesi ya kanema ili ndi mwayi wake ndi msampha wake. Imapereka nthawi yaitali, koma kale inkaletsa magazi ambiri, ndipo otsatsa malonda ankadula nkhani pakati mtima uli m'mwamba. Tobe Hooper, popanga Salem's Lot, nkhani ina ya King, ya pa CBS mu 1979, anasandutsa chiletsocho kukhala mphamvu. Mnyamata wakufa akuyandama kunja kwa zenera m'kati mwa nkhungu, akukanda galasi ndi zikhadabo kuti m'bale wake amutsegulire. Basi, palibenso china.

Buku la King la It, la 1986, lili ndi masamba oposa 1,000, ndipo ABC mu 1990 inaligawa pawiri. Gawo la ana linagwira mtima, makamaka chifukwa cha Tim Curry, amene ankasewera Pennywise, chilombo cha m'nkhaniyi, ndi nkhope yopakidwa utoto ndi mawu okhaokha. Kumapeto chilombocho chinaonekera poyera ngati kangaude wamkulu, anthu n'kuseka. Andy Muschietti mu 2017 anatenga gawo la ana lokha, n'kulisuntha kuchoka m'zaka za m'ma 1950 kupita m'ma 1980, ndipo filimuyo inapeza madola oposa 700 miliyoni. Gawo lachiwiri la 2019 linali lalitali, lodula, lodzaza zilombo, koma anthu akuluakulu a zaka za m'ma 40 akuthamangitsidwa m'ngalande sanandiopse ngati kamnyamata ka jekete yachikasu kakusuzumira m'dzenje la madzi kufuna boti lake la pepala.